Buku Limodzi, Mathero Awiri

Kuseri kwa msika wa pa Chitipa Boma kuli kashopu kotaipa ndi kuchita fotokope, ndipo m'mwezi wa Julayi chitseko chake chimakhala chotseka. Mphepo ya kumeneko siseka ndi munthu. Imanyamula fumbi la mumsewu n'kukalithira m'makina, ndipo pepala ukalisiya pa tebulo popanda kulitsindira ndi mwala ukalitola kutsidya kwa msewu. Mwini kashopuko anali Sylvia Kayange, mtsikana wa ku Misuku, wa zala zothamanga ndi pakamwa posabisa mawu. Kasitomala wake wa tsiku ndi tsiku anali Cuthbert Chimphamba, mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina pabomapo, yemwe kwawo kunali ku Dedza.

Tsiku limeneli Cuthbert sanakhale pansi. Ankangozungulira m'kashopumo, kuchoka pa chitseko kupita pa windo, ngati nkhuku yofuna kuikira.

"Asambizgi, khalani pansi mwe, mukundizunguza mutu," anatero Sylvia. Ankamutchula choncho, kutanthauza aphunzitsi mwa Chitumbuka, akafuna kumuseka. "Chavuta n'chiyani?"

"Tsamba limodzi, Sylvia. Akuti buku lonseli ndilipanikize pa tsamba limodzi. Ng'ombe yathunthu ingalowe mu mphika wa ndiwo?"

Nkhani yake inali iyi. Kampani ina yosindikiza mabuku ku Blantyre inalengeza mpikisano wa mabuku a nkhani zachikondi. Poyamba sinafune buku lonse ayi. Inafuna chidule chake chokha, tsamba limodzi lonena kuti nkhaniyo ndi ya ndani, akufuna chiyani, chikumutchinga n'chiyani, ndipo zithera pati. Aliyense atumize chidule chimodzi basi, pa dzina lopeka, n'kuikapo nambala ya foni, kuti oweruza asakondere munthu. Yemwe chidule chake chidzasankhidwe, buku lake lidzasindikizidwa.

Buku Cuthbert anali nalo, ndipo linali lokoma ndithu. Linkanena za mnyamata wina, Arthur, mphunzitsi wotumizidwa kutali ndi kwawo. Kumudzi anasiya mtsikana yemwe anamutomera, koma kumene anapitako anakumana ndi mtsikana wa kumapiri, mwana wa mlimi wa khofi, mtima n'kugawanika pakati. Inu awerengi si ana, mwaona kale kumene chala chikuloza. Ku Dedza Cuthbert anasiya Tiyamike, namwino yemwe anamutomera asanabwere ku mpoto, ndipo ankhoswe a mbali zonse ankadziwana. Kuno ku Chitipa kunali Sylvia. Zinayamba ndi kutaipa mitu ya buku, kenaka zinafika pogawana chipisi m'mbale imodzi. Foni ya Cuthbert inali ya malaini awiri, ndipo laini iliyonse inali ndi mwini wake.

Akazi onsewa bukulo ankalidziwa. Tiyamike ankalandira mitu yake pa Watsapu, ndipo atafunsa za mtsikana wa kumapiri anauzidwa kuti ndi zokometsera nkhani chabe. Sylvia, amene anataipa tsamba lililonse, atafunsa za mtsikana wa kumudzi anauzidwa kuti chikondi chopanda wopikisana naye sichigulitsa buku. Aliyense ankadziona m'bukumo, n'kumadikira mutu womaliza. Mutu womalizawo ndi umene kunalibe. Cuthbert anausiya dala, chifukwa kuulemba kunali kusankha.

Sindikumuikira kumbuyo, koma tinene zoona, munthuyu onse ankawakonda. Akakumbukira kuleza mtima kwa Tiyamike, mtima unkamuwawa. Akamva kuseka kwa Sylvia, ankaiwala njira ya ku Dedza. Vuto lake linali loti ankafuna kuti wina aliyense, kaya nthawi, kaya tsoka, amusankhire, iye manja ali oyera.

Chidule choyamba chimene analemba chinadzaza masamba ambirimbiri. Munali nkhungu ya ku Misuku, munali matope a mumsewu, munali ngakhale mtundu wa duku limene mtsikana wa kumapiri anavala ku tchalitchi. Sylvia anachiwerenga n'kupukusa mutu.

"Ichi si chidule yayi, ili ndi buku lina. Duku likutani muno? Chotsani."

Anachotsa, mtima ukuwawa ngati akuzula dzino. Anadula, nadulanso, mpaka nkhani inakwana pa tsamba limodzi. Ndicho chimene anabwera nacho tsiku limeneli, ndipo chinathera pa mawu akuti: Kodi Arthur asankha ndani? Werengani bukuli kuti mudziwe.

Sylvia anataipa mpaka pamenepo, zala n'kuima. Anatsekula malamulo a mpikisano pa kompyuta n'kumulozera.

"Onani apa. Akuti musathere pa funso. Awa si ogula buku oti muwakope, awa ndi eni makina osindikizira. Akufuna adziwe ngati nkhani yanu ili ndi miyendo yofikira kumapeto." Anatembenuka n'kumuyang'ana m'maso. "Ndiye tandiuzani, asambizgi. Arthur akwatira ndani?"

"Ndikuganizabe."

"Mukuganizabe." Sylvia anaseka, koma kusekako sikunafike m'maso. "Adada akuti akangomaliza kuthyola khofi, mutumize thenga. Kwathu mwamuna safika yekha pakhomo ngati mbuzi yosochera, amatuma munthu wamkulu wokanena mawu kwa makolo. Anthu ayamba kale kulankhula. Amama akapita ku chigayo amafunsidwa za inu."

Cuthbert anati zonse zikhala bwino, n'kutuluka msangamsanga. Asanafike ndi pa depoti pomwe, laini inayo inalira. Anali malume ake a Tiyamike. Anamupatsa moni waulemu, kenaka n'kunena kuti achibale agwirizana kuti chinkhoswe chichitike pa holide ya Ogasiti, popeza mwana wawo wadikira mokwanira. Cuthbert anavomera. Akanatani?

Kuyambira tsiku limenelo mtendere unamuthawa. Chakudya ankangochitosa. M'kalasi anaphunzitsa ana a Fomu 2 phunziro la Fomu 4, mpaka mwana wina anakweza dzanja kumukumbutsa. Akaweruka ankapita pa depoti n'kumayang'ana maminibasi a ku Karonga akudzaza, ngati kuti akwera, kenaka n'kubwerera. Akalemba kuti Arthur abwerera kwawo, ankaona nkhope ya Sylvia n'kufufuta. Akalemba kuti Arthur akwera mapiri, ankamva mawu a Tiyamike n'kung'amba pepala. Tsiku lotsekera mpikisano linkayandikira, khofi ku Misuku ankatha m'mitengo, ndipo Ogasiti anali pakhomo.

Tsiku lina pa nthawi yopuma, m'chipinda cha aphunzitsi munatsala anthu awiri, iye ndi Clifford Sichali, mphunzitsi wa masamu wobadwira ku Chitipa konko. Clifford ndiye yekha ankadziwa za akazi onse awiri. Anadabwa kuona mnzakeyo akumwetulira.

"Ada, lero nkhope yawala. Mwasankha?"

"Ndapeza nzeru yoposa kusankha," anatero Cuthbert motsitsa mawu. "Ndilemba zidule ziwiri. Zonse zofanana, kusiyana ndime yomaliza yokha. China Arthur akwatira wa kumudzi, china wa kumapiri. Maina ndi opeka, malaini ndili nawo awiri. Chimene akasankhe a ku Blantyre, ndiye kuti ndi mathero amene Mulungu wafuna. M'buku ndi m'moyo momwe."

Clifford anaika kapu yake ya tiyi pansi pang'onopang'ono.

"Ada, ndamva bwino? Mukufuna anthu osindikiza mabuku akusankhireni mkazi?"

"Iwo amadziwa nkhani yoona ndi yonama. Ndi ntchito yawo."

"Lamulo likuti chidule chimodzi. Komanso amene akawerenge ndi anthu omwewo, tebulo lomwelo. Mukuganiza kuti sakaona kuti ndi mwana mmodzi wavala malaya awiri? Sankhani nokha, mupweteke mmodzi lero, mumupepese ngati mwamuna. Izi mukuchitazi mupweteka onse."

"Inu a masamu mumafuna yankho limodzi pa chilichonse," anatero Cuthbert akuseka. "Za mtima sizitero."

Clifford anangotola mabuku ake n'kupita m'kalasi. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la Cuthbert linali litauma.

Chidule cha kumapiri anapita nacho kwa Sylvia. Pamwamba analemba dzina loti Mlimi wa Khofi. Sylvia anataipa mwakachetechete mpaka anafika pa ndime yomaliza: Arthur atumiza thenga kumapiri, ndipo akwatira mwana wa mlimi wa khofi. Anaiwerenga kawiri. Mtsikana wa pakamwa pakuthwa uja, misozi ili lengelenge, anangothokoza kuti, "Yewo." Madzulo omwewo anaimbira amayi ake ku Misuku kuti auze adada akonzekere alendo.

Chinacho Cuthbert anachitaipa yekha pa foni, pa dzina loti Kachewere, mbatata ya kwawo ku Dedza. Ndime yomaliza inati: Arthur akumbukira lonjezo lake, abwerera kwawo, ndipo akwatira mtsikana amene anamudikira. Anatumizira Tiyamike kuti aone. Tiyamike anayankha ndi uthenga wa mawu, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, n'kunena kuti azakhali ake apita mawa lomwe kukasankha nsalu ya pa chinkhoswe.

Zidule zonse zinapita ku Blantyre, chilichonse ndi nambala yake. Aliyense wa akaziwo anauzidwa kuti aziyang'ana tsamba la kampaniyo pa Fesibuku, poti zotsatira zidzatulukira pamenepo. Koma abale, munthu akafuna kudzikola amaluka yekha chingwe! Cuthbert anapumako tsiku limodzi lokha. Mawa lake nkhawa inabwerera, tsopano yoopa mathero amene asankhidwe.

Sabata yotsatira anatumizidwa ku Chisenga kukayang'anira mayeso a Fomu 4 pa sukulu ina ya kumudzi. M'chipinda cha mayeso foni siloledwa, ndipo kunja netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu china kuseri kwa sukulu, nayonso mwa apo ndi apo. Cuthbert ankayenda pakati pa madesiki, uku ndi uku, maso ali pa ana koma mtima uli ku Blantyre. Masiku angapo anakwera chulu osapeza kanthu. Lachisanu masana, ana atatuluka, anakweranso. Foni inanjenjemera m'manja mwake osaleka, mauthenga akungokhuthuka.

Woyamba unali wa Clifford: "Ada, onani tsamba la kampani ija. Nyumba yapsa."

Kampaniyo inali italemba chilengezo dzulo lake. Inati yalandira zidule ziwiri zofanana liwu ndi liwu, kupatula ndime yomaliza, china cha Kachewere, china cha Mlimi wa Khofi. Nkhaniyo oweruza anaikonda kwambiri, koma zinkaoneka kuti wina anabera mnzake. Choncho anaika zidule zonse ziwiri poyera, n'kupempha aliyense wodziwa mwini wake weniweni kuti awathandize.

Pansi pake panali ndemanga zambiri, koma Cuthbert anaona ziwiri zokha. Yoyamba inali ya Tiyamike. Analemba kuti Kachewere ndiye mwini buku, kuti iye wakhala akuwerenga mutu uliwonse kuyambira pachiyambi, ndipo winayo ndi wakuba wopanda manyazi. "Ndikudziwa chifukwa wolembayo ndi bwenzi langa, a Cuthbert Chimphamba, ndipo chinkhoswe chathu chili mu Ogasiti akubwerayu."

Yachiwiri inali ya Sylvia, ndipo zinkaoneka kuti anailemba asanawerenge za ena, mtima uli m'mwamba. Anati Mlimi wa Khofi sanabe kanthu, buku lonselo analitaipa iye ndi zala zake ku Chitipa, ndipo ali nalo mu kompyuta ngati akufuna umboni. "Wolemba ndi a Cuthbert Chimphamba, mphunzitsi. Mwezi wamawa akutumiza thenga kwa adada anga."

Onse awiri anathamangira kukamuteteza. Aliyense anaimirira pamaso pa anthu, n'kutchula dzina lake monyadira, pofuna kupulumutsa buku la mwamuna wake. Pansi pa ndemanga ziwirizo anthu osawadziwa n'komwe anali akuseka, ena akuitana anzawo kuti adzaone. Kenaka panali mzere umodzi wa Tiyamike wopita kwa Sylvia: "Achemwali, nditumizireni nambala yanu."

Cuthbert ali chiimire pachulupo, foni inalira. Anali mayi wina, mkonzi wa ku kampani ija.

"Ndikulankhula ndi a Kachewere?"

"Inde, mayi."

"Chidule chija munalemba ndinu?"

"Ndine ndithu."

"Chabwino. Tiimbire winayo kaye, tikuimbiraninso."

Foni inaduka. Posakhalitsa inaliranso, laini inayo. Cuthbert anaiyang'ana. Akanangoisiya. Koma munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Anayankha, mawu atawakulitsa ngati a munthu wina.

"A Mlimi wa Khofi?"

"Eee, ndine."

Mayi uja anamuzindikira pompo.

"Bambo, ndinu nomwe. Ngakhale mbuzi ikulira kumbuyo kwanuko ndi yomwe ija." Anapumira m'mwamba. "Mukudziwa, nkhani yanu ikanapambana. Mathero alionse mwa awiriwa akanatha kuyenda, mukanangoima pa amodzi. Koma mwaphwanya lamulo, ndipo mwatichititsa kuitana anthu kuti asake wakuba yemwe kulibe. Zidule zonse tazichotsa."

Za buku sizinamupweteke kwambiri panthawiyo. Anaimbira Tiyamike. Ankayembekezera kukalipiridwa, koma Tiyamike analankhula mofatsa, ngati akuuza wodwala zotsatira za magazi.

"Ndalankhula naye Sylvia. Ndi munthu wabwino, sanandibisire kanthu. Talira tonse."

"Tiya, ndimvere kaye, ndikufotokozere."

"Ndinakutetezani pamaso pa dziko lonse, a Cuthbert. Ndinamutcha wakuba mtsikana wosalakwa. Kuntchito anzanga onse awerenga. Azakhali nsalu anagula kale. Ndinakudikirani osayang'ana kumbali. Zandipweteka kwambiri. Malume alankhula ndi ankhoswe anu. Musandiimbirenso."

Mukuganiza kuti apa munthuyu anaphunzira? Ayi ndithu. Atatsika pachulu paja, maganizo amene anamubwerera anali akuti, basi, zasankhika zokha, watsala Sylvia. M'mawa mwake anakwera njinga yamoto ya kabaza kubwerera ku boma. Msewu wonse ankangomuuza wakabazayo kuti athamange, uku akuyeserera mumtima mawu okanena.

Anapeza Sylvia akuchita fotokope ziphaso za mayi wina. Sanamutche asambizgi. Anamaliza ntchito ya mayiyo, n'kumuperekeza pakhomo, n'kutseka chitseko.

"Sylvia, ndabwera. Za ku Dedza zatha. Ndasankha iwe. Mathero enieni ndi ako aja."

"Mwasankha, kapena ndine amene ndatsala?"



"Ndikufunseni chinthu chimodzi, ndipo mundiyankhe zoona, kamodzi kokha m'moyo mwanu," anatero Sylvia. "Kunama kwa mwamuna ndikukudziwa, si inu woyamba. Koma kutumiza zonse ziwiri ku Blantyre, kumeneko ndiye sindikumvetsa. Munkafuna chiyani?"

Akananama, mwina zikanapepukako. Koma anali atatopa, ndipo ananena zoona. Anati sankatha kusankha, choncho anaganiza kuti chidule chimene oweruza akasankhe ndicho chimuuze mkazi woti akwatire.

Sylvia anakhala pa mpando wake pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti adada akanalandira thenga wotumidwa ndi anthu a ku Blantyre, osandidziwa n'komwe. Akanakonda ndime inayo, ine mukanandiuza chiyani? Kuti ndalephera mpikisano?" Misozi inatsika, koma sanaipukute. "Ndinakukondani, a Chimphamba. Tsiku lija ndinataipa mawu aja ndinaganiza kuti mwamuna wandisankha ndi mtima wake. Ndinaimbira amama ndikuvina. Lero ndikwere mapiri ndikawauze kuti mwana wawo anali nambala ya pa lotale."

"Ndikonza, Sylvia. Thenga ndimutuma sabata ino."

"Yayi. Akabwera, adada akamubweza pa msewu pomwe, ndipo ndikhala ndawauza ndine."

Anatsekula kabati n'kutulutsa fulashi, n'kuiika pa tebulo. Anati buku lake lonse lili m'menemo, ndipo mu kompyuta yake walifufuta. Kunja wina anagogoda, atanyamula mapepala oti ataipidwe. Sylvia anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, natsekula chitseko, n'kumulandira kasitomalayo ndi moni wa masiku onse. Cuthbert anaona kuti m'kashopumo mulibenso malo ake, ndipo anatuluka.

Sukulu zitatsekera, aphunzitsi anzake anakwera maminibasi kupita kwawo. Cuthbert sanapite. Ku Dedza ankhoswe ake anamutumizira mawu kuti asaoneke kaye, poti anawachititsa manyazi oti sangathe kudutsa pakhomo pa malume a Tiyamike. Pabomapo, njira ya kuseri kwa msika anaileka, ankazungulira kutali, ndipo akadutsa pa depoti anyamata a kabaza ankaitanizana kuti, "Kachewere uyo! Mlimi wa khofi uyo!" Holide yonse anaithera m'nyumba ya aphunzitsi, kutuluka, kulowa, kukhala, kudzuka, wopanda womuimbira.

Mvula ikayamba munthu ali kuthengo, wanzeru amathamangira phanga limodzi, ngakhale likhale lothina, n'kukhala momwemo. Wina amaima pakati n'kumayeza ndi maso, ili lili pafupi, ilo ndi lalikulu, athamangire uku, abwerere uko, mpaka mvula imuthere pathupi. Cuthbert anali ndi akazi awiri omukonda moti anaimirira pagulu kumuteteza, ndipo anawataya onse chifukwa choopa kulemba ndime imodzi ndi dzanja lake. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.